Khoma la Ludzu la Kambuku

Padangokhalatu Kambuku, amene adamanga nyumba ya njerwa nafuna kuti ipakidwe penti wofiira apongozi ake asanafike. Adaitana amisiri awiri, Nalimata ndi Gologolo.

Nalimata adayenda khoma lonse, nalinyambita. "Bwana, pulasitala uyu ndi watsopano, amamwa penti. Gulani zitini zisanu."

Gologolo adangoponya diso ali chapatali. "Akufuna kukuberani ameneyu. Ziwiri zikwana."

"Ntchito ndi yako," adatero Kambuku mofatsa, uku akunola zikhadabo. "Koma penti akaperewera, chofiira china ndichipeza mwa iwe."

Gologolo adaviika mchira wake nayamba kupaka. Khoma lidamwa ngati mchenga wa m'chilimwe. Dzuwa lisanafike paliwombo, chitini chachiwiri chidayamba kuoneka pansi. Adathiramo madzi, koma penti adangoyenderera ngati misozi. Makoma awiri adali akadali mbuu.

Kenaka adamva mpweya wotentha pankhongo pake.

"Watsala wochuluka bwanji, mmisiri?" adafunsa Kambuku.

Gologolo adangolumphira mumtengo. Mpaka lero akatsika amangocheukacheuka, mchira wofiirirawo uli njenjenje, pakuti makoma awiri aja sadapakidwebe, ndipo mwini wake akudikira.