Mlendo wa Pamsana pa Bulu

Tsiku lonse ndinali kukweza alendo pa bulu kupita ku kachisi wa pamwamba pa phiri ku mzinda wakale wa Petra. Nditafika kunyumba dzuwa litalowa, miyendo itandithera, mkazi wanga Fadda anafunsa, "Bambo a Nayef, nanga bulu? Mwam'gulitsa?"

Ndinali nditam'masula kuti atsogole yekha monga mwa masiku onse. Ndinabwerera ndikung'ung'udza. Ndinam'peza pa masitepe, pafupi ndi manda osemedwa m'thanthwe, pamsana pake patakhala munthu wofunda mpaka kumutu. Ndinapereka moni. Anangogwedeza mutu.

Kwathu mlendo safunsidwa dzina asanagone masiku atatu. Ndinangogwira chingwe n'kuyamba kutsika. Bulu amene amalira ngakhale atanyamula mwana ankatsika mopepuka ngati alibe katundu.

Kunyumba Fadda anayalira mlendoyo mkeka n'kum'thirira khofi. Kwathu munthu akakwana amagwedeza kapu, koma iye sanagwedeze. Kapu inkabwerera youma, m'kati muli mchenga wofiira.

"Mwam'tola kuti ameneyu?" ananong'ona Fadda.

"Ndatopa ine, mayi. Mlendo ndi mlendo."

Mpaka pano mlendoyo akadali pamkeka pomwepo, nkhope italoza kuphiri. Bulu wasiya kudya. M'mawa uno mwana wathu Nayef wadzuka ndi mchenga wofiira m'kamwa, ndipo sakuyankha tikamuitana dzina lake.

Mawa ndiye tsiku lofunsa mlendo dzina. Fadda akundigwira mwendo kuti ndisafunse, akuti akudziwa kale dzina limene mlendoyo atchule.