Munthu woima pakati pa mtsinje wa ku Thambani

Panali munthu wina wa pa Mwanza boma, dzina lake Prince, yemwe ankanyamula katundu pa pikiapu yake kupita naye m'midzi. Galimotoyo inali yamphamvu, yokoka ndi matayala onse anayi. Inali ndi paipi yokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka padenga, kuti injini izikoka mpweya m'mwamba, kutali ndi madzi ndi matope.

Tsiku lina nthambi ya mtengo inakola paipiyo n'kuing'amba m'munsi. Makaniko wake, a Ashiraf, ataiona anapukusa mutu.

"Achimwene, musalowe nayo m'madzi galimotoyi," anatero a Ashiraf. "Mpweya ukulowera pang'ambikapa tsopano. Madzi akafika apa, injini imwa. Isiyeni ndisinthe paipi."

"Ndili ndi ulendo, a Ashiraf. Ndibwera nayo ndikapeza mpata."

Prince anakulunga jumbo pamalopo, n'kumanga ndi mphira ya chubu. Mpata sanaupeze, ndipo mvula inayamba.

Masana ena ananyamuka ndi mkazi wake, Esime, kukasiya feteleza kwa apongozi ake cha ku Thambani. Anadzera njira yachidule yowoloka mtsinje wopanda mlatho. Anaupeza utadzaza, madzi ali ofiira.

"Bambo a Tadala, tiyeni tidikire aphwe," anatero Esime kwa mwamuna wakeyo.

Prince anali atagwira kale giya kuti abwerere m'mbuyo pomwe anaona bambo wina wa jekete yakuda ataima pakati pa mtsinje. Madzi ankamulekeza m'mawondo. Bamboyo anakweza dzanja n'kumukodola.

"Bwerani, adalaivala. Ndi ochepa. Dzerani pomwe ndaima pano."

Sanakuwe, koma mawu ake anamveka bwinobwino ngati ali m'galimoto momwemo. Prince anatulutsa mutu pawindo.

"Pansi mpolimba, akulu?"

"Mpamwala. Bwerani."

Esime anamuyang'ana mwamuna wake. "Mukulankhula ndi ndani?"

"Si awo aima apowo?"

"Ine sindikuona munthu."

Prince anaganiza kuti galasi la mbali ya mkazi wake lachita nthunzi. Anaponda moto n'kulowa.

Madzi anakwirira matayala, kenako magetsi, kenako anakwera pa boneti. Injini inatsokomola, n'kugunda ngati wina waimenya ndi hamala, basi zii. Prince anapotokola kiyi. Palibe chinachitika.

Atacheuka, bambo uja anali pawindo pake penipeni. Madzi anali atakwirira chitseko cha galimoto, koma iye ankamulekezabe m'mawondo. Jekete yake inali youma. Anawerama n'kuyika khutu pa paipi yomangidwa ndi mphira ija, ngati akumvetsera china chake mkatimo.

"Yamwa," anatero motsitsa. "Khazikani mtima pansi, adalaivala. Onse amafika pomwe pano."

Galimoto inayamba kutsetsereka chammbali. Prince anakankhira Esime pawindo kuti akwere padenga, koma madzi anamulanda m'manja mwake. Anthu omwe ankalima kutsidya anamva kukuwa, anathamanga ndi zingwe. Anthuwo anamupeza Esime kumunsi atakodwa m'bango, mwendo utathyoka, koma ali moyo. Prince naye anthuwo anamukoka ndi chingwe.

Prince anawafunsa anthuwo za bambo wa jekete uja. Mayi wina ndiye anayankha.

"Ife tinaona galimoto yokha ikulowa. Tinkakubayibitsani kuti mubwerere, inu maso ali pamadzi."

Madzi ataphwa, thirakitala inakoka pikiapuyo mpaka ku galaja. A Ashiraf anamasula bokosi la fyuluta ya mpweya n'kupeza lodzaza matope. Anatsuka zonse, anapukuta, n'kuisiya galimotoyo pansi pa denga la malata. M'mawa mwake anapeza bokosilo lodzaza madzi ofiira, mchenga uli pansi. Anapukutanso. Kutacha, madzi anali momwemo.

Anamuitana Prince n'kumuonetsa.

"Achimwene, ine injini ndimakonza, koma izi si za sipanala. Itengeni."

Palibe makaniko wina anavomera kuigwira, ndipo wogula sanapezeke. Esime amayenda motsimphina mpaka lero, ndipo Prince anasiya kuyendetsa galimoto. Pikiapuyo ili kuseri kwa nyumba yawo. Oyandikana nawo amati ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pansi pake pamakhala ponyowa.

Phunziro: Makaniko akakuuzani kuti polowera mpweya wa injini pang'ambika, konzani musanayandikire madzi kapena matope, chifukwa jumbo ndi mphira sizitseka mtsinje. Mtsinje ukadzaza dikirani, ndipo musalowe chifukwa choti munthu amene simukumudziwa wakukodolani. Mverani amene mwakwera naye. Tumizani nkhaniyi kwa madalaivala onse omwe mumawadziwa mvula isanafike.