Mpata wa Zala Ziwiri

A Basil anagoneka limu yatsopano ya tayala la lole yawo chafufumimba pamchenga, n'kuika thabwa pamwamba pake. Kuchokera pathabwa kutsika mpaka polowa mabawuti, tepi inaonetsa mainchesi asanu. Limu yakale inali anayi ndi theka. Tayala latsopanolo linalinso lotakata, inchesi imodzi mbali iliyonse, kuti lole isamatitimire mumchenga wa kudoko la Malindi. Ndiye kuti liyandikira sipuling'i ndi inchesi ndi theka. Likamakhula chitsulocho, lidzaphulika panjira nsomba zili m'lole.

Analimanga, n'kukwawira kunsi. Matayala atawongoka, mpata unalipo wa zala ziwiri. Nanga pokhota?

"Amayi, pindani chiwongolero kumanzere! Mpaka kumapeto!"

Tayala silinasunthe.

A Olivia, oyandikana nawo nyumba, anaima ndi ndowa pamutu. "A Basil, mukuitana ndani?"

"Ndikungowerengera, achemwali. Pitani, madzi angatayike."

Anatuluka pang'onopang'ono, n'kusasa mchenga kumsana. Loleyo inali isanayende chiwaikireni m'manda akazi awo, a Maud, mu Ogasiti. A Maud sankadziwa kuyendetsa galimoto, koma zaka makumi awiri ntchito yopinda chiwongolero, amuna awo ali kunsi, inali yawo.

A Basil atatsegula chitseko cha lole, anapeza mpando uli kutsogolo kwenikweni, mmene a Maud ankausendezera popeza anali aafupi. Kachitsulo kobwezera mpando kanali pomwepo, pafupi ndi dzanja lawo.

A Basil anadzipanikiza pampandopo, mawondo akugunda chiwongolero, n'kupinda kumanzere okha. Mpandowo sanaubweze.