Pakona pa Pulani

"Alamu, fayilo mwatumizayi ikukana kutseguka!" anadandaula pafoni wojambula mapulani a nyumba. Anali atapempha tsamba lokonzeratu loyambirapo pulani kwa mkazi wa mchimwene wake, yemwenso ndi katswiri pantchitoyo.

"Pulogalamu yanuyo ndi ya makedzana, alamu," mayiyo anaseka. "Dikirani ndiisunge mwachikale."

Ulendo uno inatseguka. Mkuluyo anajambula mothamanga, nasindikiza, nakapereka kwa kasitomala.

"Yakongola bwanji!" anatero kasitomalayo. "Ndikuimbirani, tikambirane za nyumba zina zomwe ndikufuna kumanga."

Mkuluyo anadikira sabata yonse, foni ili zii. Itadzalira, anali mlamu wake.

"Zikomo pondipezera kasitomala, alamu. Pakona pa tsamba lija simunafufute nambala yanga."