Kabokosi kamene kankayankha foni m'malo mwa mwana

Panali mwamuna wina, kalipentala wa madesiki ndi mipando, masiku aja mafoni a m'manja asanafale. Nkhaniyi anandiuza ndi munthu amene ankakhala naye moyandikana, ndipo mpaka lero imandiwawa.

Kalipentalayu ankasaka oda yaikulu ya madesiki kusukulu ina. Akuluakulu a sukuluyo anamuuza kuti akagwirizana, oda adzaitumiza pa fakisi, njira yotumizira makalata kudzera pa laini ya foni. Iye makina a fakisi analibe, koma pabalaza panali kompyuta yakale. Anapita kushopu nagula modemu, kabokosi kolumikiza kompyuta ku laini ya foni kuti izilandira mafakisi.

Wogulitsayo anali munthu woti angomuona tsiku lomwelo, koma pakamwa pokoma zedi.

"Bwana, izi n'zosavuta," anatero wogulitsayo. "Muzule foni ya m'nyumba, imasokoneza. Chingwe cha kukhoma muchisomeke apa, kenako muitchere kuti iziyankha yokha ikangolira kamodzi."

Atafika kunyumba anachitadi zomwezo. Mkazi wake anaima pakhomo la kukhitchini, manja m'chiuno.

"Bambo, laini ndi imodzi yomweyi. Apongozi anga akudwala uko kwa achemwali anu, ndipo uthenga wonse umabwera pa foniyi. Kumbuyo kwa kabokosiko ndikuona mabowo awiri. Bwanji foni tiisomeke pa linalo, ndipo tiziyamba kuyankha ndife?"

"Inu mwayamba liti kudziwa za makompyuta?" anayankha mwamunayo. "Amayi ndayankhula nawo dzana, akupezako bwino. Oda ikangofika, foni ndibwezerapo."

Anakulunga chingwe cha foni, nakiyira foniyo m'kabati, kiyi m'thumba. Ati kuopa kuti mkazi angaibwezerepo iye akachoka.

Kutacha, kabokosi kaja kanayatsa timagetsi take, n'kuyamba kulira tswiii, krrr, ngati wailesi yosochera siteshoni. Bamboyo analumpha ndi chimwemwe. "Oda ija ndi imeneyi!" Koma posakhalitsa phokoso linatha, ndipo pa sikirini panalembedwa kuti fakisi yalephera. Patapita kanthawi kanaliranso. Yalepheranso.

Ndiye munthu anayamba kulimbana ndi makina. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Anazula zingwe zonse, kuuzira fumbi m'mabowo, kusomekanso. Anafufuta pulogalamu n'kuiikanso kuchokera pa disiki. Anatsitsa liwiro la modemu mpaka pansi. Ayi ndithu, kulira kokhakokha, pepala osatuluka. Kusukulu kuja anachita manyazi kukafunsa, poopa kuoneka mbuli. M'malo mwake anabwerera kushopu, ndipo wogulitsa uja anangoti, "Laini yanu ili ndi phokoso, bwana, tengani chingwe chatsopano ichi." Anatengadi.

Tsiku lotsatira kabokosi kankalira pafupipafupi. Mkazi uja mtima sunakhale m'malo.

"Bambo, bwanji ngati si fakisi? Bwanji ngati ndi munthu akutifuna?"

"Munthu wanji woimba mobwerezabwereza chonchi? Awa ndi makina a kusukulu akuyesanso okha. Tandisiyani ndiganize!"

Tamvani funso limenelo, abale. Munthu wanji? Woimba osatopa chonchi amakhala kuti zamuthina basi. Koma mutu unali utadzaza madesiki.

M'mawa wina kunamveka kugogoda. Potsegula anapeza ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake uja, maso ali gwa, chikwama chaching'ono m'manja. Anakana ngakhale kukhala pansi.

"Alamu, takhala tikuimba mpaka zala kuwawa. Foni yanu ikumangotikuwira m'khutu. Ndachita kukwera basi. Amayi atisiya dzulo."

Kalipentala uja anangokhala pansi pomwepo. Kabokosi kanali phee pa tebulo, timagetsi tili ngwee. Kusukulu kuja anali asanatumize kalikonse, ndipo mafakisi onse olephera aja anali mlongo wake.

Kumaliro mlongoyo sanamuyang'ane kumaso. Anthu atabalalika, anamuitanira m'chipinda mmene mayi awo ankagona. Foni inali ikadali pampando pafupi ndi bedi.

"Achimwene, amayi matenda atakula sanafunse za mankhwala, ankangofunsa inu. Ankati ali ndi mawu oti akuuzeni nokha. Ine ndikaimba, kumangomveka chiphokoso chija. Tsiku lomaliza anati ndiwapatse foni. Mukudziwa kuti makutu awo anali atayamba kugontha. Atamva kuti kwina kukumveka kanthu, anamwetulira, n'kunena kuti, 'Wayankha mwana wanga. Iwe tuluka.' Ndinatuluka, sindikanatha kuwauza zoona."



"Anayankhula nthawi yaitali," anapitiriza mlongoyo. "Makina anuwo anali atadula kalekale, iwo osadziwa. Nditalowanso anandiuza kuti, 'Ndamuuza zonse. Sanandidule mawu ngakhale kamodzi.' Anagona mtima uli pansi."

"Chemwali, chonde, anati chiyani?"

"Ine ndinali panja, achimwene. Kafunseni makina anuwo."

Phunziro: Musatseke njira imene abale anu amakupezerani chifukwa chothamangira bizinesi, ndipo musanyoze mawu a munthu wa m'nyumba mwanu pomvera mlendo amene akungofuna kukugulitsani katundu. Oda ikaphonyeka ina idzabwera, koma mawu omaliza a mayi anu sabweranso. Ngati makolo anu ali moyo, aimbireni lero, ndipo akakuimbirani yankhani nokha. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu amene amati ali otanganidwa.