Odi pa Kapinga wa Amphawi

"Ndi pompano," anatero a Raymond, apongozi ake a Daphne, akuloza kapinga ndi ndodo yawo.

Daphne anamwazamwaza maso. Manda amenewa, a mumzinda wa Sheffield kudziko la azungu, anali ndi ziliza mbali zonse, koma pamene analoza mkuluyo panali pambalambanda ngati bwalo la mpira. Apa m'pomwe ankakwirira anthu ofera m'nyumba yosungira amphawi, ambirimbiri dzenje limodzi.

"Agogo anga a Hetty ali penapake pansi apa," anapitiriza a Raymond m'Chingerezi. "Kutchalitchi za ukwati wawo kulibe, za ubatizo wa bambo anga kulibenso. Buku la m'nyumba ya amphawiyo akuti linapsa pa nkhondo. Kaya mwina ndikungolota."

Funso linamuyabwa Daphne. Kodi munthu amene sanalembedwe paliponse, ndipo sanayenderedwepo, angadziwe bwanji kuti obwerawa ndi ake? Kwawo ku Dedza munthu salowa kumanda ngati mbuzi.

Anavula nsapato, n'kugwada pa udzu wonyowawo ndi yunifolomu yake ya unamwino, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Odi, agogo! Ndine mkamwana wa pakhomo panu. Uyu ndi mwana wanga Akuzike, magazi anu enieni."

"Mami, amamva Chichewa?" kamtsikanako kanafunsa.

"Khala chete, timve."

A Raymond anacheuka uku ndi uku, makutu ali psuu ndi manyazi. Kenaka anagoneka ndodo pansi, n'kugwada, mawondo akulira.

"Daphne," ananong'ona, "liwu munayambira lija, tandiphunzitsani."