Magetsi Atazima Masana

Magetsi atazima mumsewu monse, bambo woliza jenereta ya pakampani sanafulumire. Anapinda manja a malaya n'kukhala pabenchi, kudikira kuti awapembedze. Kale ngakhale abwana ankatsika okha masitepe kudzawachonderera.

Koma palibe anabwera. Mafani ankangozungulira m'maofesi chifukwa cha masola atsopano a padenga.

"Mukudikira ndani, achimwene?" anafunsa mayi wokolopa. "Dzuwa lakulandani udindo. Ilo silipempha tchuthi cha maliro."

Bambowo anaseka ndi mano okha. Anali atamva kuti osafunikira achotsedwa ntchito. Kunyumba ana ali pasukulu, nanga ndi imvi zimenezi angawalembenso ndani?

Anathamangira kushedi n'kuliza jeneretayo. Utsi wakuda unangoti tolo, magalasi a mawindo n'kumanjenjemera. Iwo anaima pambali pake, chifuwa patsogolo, kuti aliyense awaone ali pantchito.

Windo la m'mwamba linatseguka.

"Madala," anaitana abwana.

"Wawa, bwana."

"Tazimitsani chinthucho, tili pamsonkhano wa pakompyuta. Mukatero mubwere ndi makiyi ake."